Chingerezi cha Bambo Priebe

Bambo Eckhard Priebe anayamba kuphunzira Chingerezi ali ndi zaka 74, ndipo ine ndinalembetsa nawo chifukwa ankachita manyazi kulowa okha m'kalasi. Tinkakhala m'nyumba imodzi yosanja, iwo pamwamba pa ine, m'tauni yathu yaing'ono ya m'mbali mwa mtsinje wa Elbe, kum'mawa kwa Jeremani. Chikhalireni limodzi mmenemo, kuyambira ana athu ali kusukulu, sitinaitanepo mayina oyamba. Iwo ankati "aneba", ine ndinkati "a Priebe", basi.

Ntchito yawo inali ya njanji. Ankakhala m'kanyumba kam'mwamba pafupi ndi siteshoni, kukoka zitsulo zotembenuzira njanji kuti sitima ilowe kumene ikuyenera. Anali munthu wamtali, wa makutu aakulu, wosakonda kulankhula, wofuna kuti chinthu chilichonse chizikhala pamalo pake. Khoma lomwe linagawa dziko lathu pawiri litagwa, fakitale ya shuga inatsekedwa, sitima zinachepa, kanyumba kaja anakakhoma matabwa m'mawindo. A Priebe anawapumitsa ntchito mphamvu zikadalipo. Achinyamata a m'tauni anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena kuzambwe kwa dziko, ena kutali kwenikweni.

Mwana anali naye mmodzi, Torsten, wowotcherera zitsulo. Anakhala zaka zingapo akungopeza maganyu, kenako anamva za ntchito ku Kanada. Mwatsoka nthawi yomweyo mayi ake, a Gudrun, anali atawapeza ndi khansa. Denga la nyumba zathu ndi lopyapyala, choncho mkanganowo ndinaumva wonse ndili kukhitchini kwanga. Torsten ankati akakhala, awola ali moyo. Bambo ake anati mwana wosiya mayi ake akudwala alibe chomwe angamuuze, apite, koma asayembekezere kuti iwo adzamuimbira foni ndi tsiku limodzi lomwe. Torsten anapita. Anabwerako kamodzi, pa maliro a mayi ake, anagona kwa mnzake, nabwerera.

A Priebe anasungadi mawu awo, sanaimbepo. Torsten ndiye ankaimba pa Khirisimasi iliyonse, ndipo ankakambirana za chipale chofewa, kuti kuno chagwa chochuluka bwanji, uko chagwa chochuluka bwanji. Tinamva kuti anakwatira mkazi wakomweko dzina lake Colleen, ndipo ana sanakhale nawo. Ndikawafunsa pamasitepe kuti mnyamata ali bwanji, ankangoti, "Kukuzizira akuti."

Tsiku lina masana anagogoda pakhomo panga atavala nsapato za m'nyumba, foni ili m'manja. Anati kwaimba mzimayi, akulira, walankhula nthawi yaitali, koma iwo angomvapo dzina la Torsten. Ife a msinkhu wathu kusukulu tinaphunzira Chirasha, ndipo nachonso tinachiiwala kalekale. Munthu amene ndinamukumbukira kuti amadziwa Chingerezi anali mayi wa kusitolo ya mankhwala. Tinapita komweko. Mayiyo anaimba nambala ija ataimirira kuseri kwa kauntala, anamvetsera, anayankha pang'ono, kenako anauza kasitomala amene anali kumbuyo kwathu kuti abwerenso nthawi ina. Anatulutsa mpando. A Priebe anakana kukhala. Anamva za imfa ya mwana wawo ali chilili pakati pa mabotolo a mankhwala a chifuwa, ndipo pobwerera kunyumba anandifunsa ngati anakhoma chitseko potuluka.

Kumaliro sanapite. Analibe pasipoti, ndipo mtima wawo unali utayamba kale kuvuta. Patapita miyezi, Colleen, amene anaimba akulira tsiku lija, anaimbanso, kudzera mwa mayi wa mankhwala uja, kunena kuti akufuna kudzaona kumene mwamuna wake anakulira, akangopeza tchuthi. Sabata yomweyo a Priebe ananditsekera njira pamasitepe.

"Aneba, kuli sukulu ya akuluakulu ku laibulale yakale. Amaphunzitsa Chingerezi."

"Ndamva. Nanga?"

"Inu masana a Lachinayi mumatani?"

Sindinkachita kanthu. Amuna anga anali atamwalira, ana anga ali ku Hamburg. Tinapita.

M'kalasimo tinalimo anthu okwana tebulo limodzi lalitali, tonse aimvi. Mphunzitsi wathu, Mayi Dombrowski, poyamba ankaphunzitsa Chirasha kusekondale, ndipo zinthu zitasintha anakaphunzira Chingerezi ali wamkulu kale, ndiye ankatimvetsa. Panalinso Bambo Wunderlich, amene kale anali ndi butchala pamsika. Iwo ankafuna Chingerezi choitanitsira mowa pa sitima yapamadzi yoyendera alendo, ulendo umene ankaukamba chaka ndi chaka osanyamuka.

Tsiku loyamba aliyense ankanena dzina ndi zaka zake. Ife powerenga timayamba ndi nambala yaing'ono, Angerezi amayamba ndi yaikulu, choncho a Priebe anaimirira, nanena mwaulemu kwambiri kuti ali ndi zaka 47.

"Aphunzitsi, mnyamatayu walowa kalasi yolakwika," anatero a Wunderlich. "Kapena wabwera kudzafuna mkazi. Mayi inu muli pambali pakepo, chenjerani."

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo. A Priebe makutu anafiira, koma sanakhale pansi mpaka atanena nambalayo molondola.

Sanali ndi mutu wa zinenero, ndinene zoona. Lilime lawo linali lolemera, ndipo mawu oyamba ndi lilime pakati pa mano ankawatchula ngati akulavula nthanga. Koma ankalimbikira moti zinkandichititsa manyazi. M'mawa ndinkawamva kudzera kudenga akuyendayenda, akutchula masiku a sabata ndi miyezi ya chaka mokweza, kulakwitsa, kuyambiranso. Maphunziro a kogula zinthu, a kuhotela, a kofunsa njira, ankangowapirira. A Wunderlich akamayeserera kuitanitsa nyama yootcha, iwo ankayang'ana pawindo.

Chaka choyamba Colleen sanabwere, anati mayi ake adwala. A Priebe anati zili bwino, sanakonzekebe.

M'chaka chachiwiri tinafika pa mutu wa kukula kwa munthu ndi nthawi. Mayi Dombrowski analemba pabolodi mawu a khanda, a mwana wongoyamba kumene kuyenda, a wachinyamata wosafika zaka makumi awiri, a munthu wa zaka zapakati, mpaka kwa ife. Pofika kwa ife mawu anachuluka. Panali oti wachikulire, oti wopuma pantchito, oti mzika yaikulu, oti munthu amene zaka zamuyendera. Aphunzitsi anatichenjeza kuti mawu enieni oti nkhalamba tisamauze munthu pamaso, ndi mwano. A Wunderlich anati Angerezi ndi anthu abwino, amakukulunga m'pepala lokongola ngati soseji yotsala dzulo. Kenako panabwera mawu amodzi otanthauza masabata awiri, ena zaka khumi, ena zaka zana. A Priebe tsiku limenelo sanayang'ane pawindo. Anafunsa mafunso ambiri kuposa onse amene anafunsapo chiyambire sukuluyo. Anafuna kudziwa mmene amanenera kuti tsitsi lachita imvi, kuti munthu wachita dazi, wanenepa, wayamba kuvala magalasi. Anafuna kudziwa ngati munthu wa zaka makumi asanu amawerengedwa wapakati kapena wachikulire.

Chinawazunza kwambiri ndi timawu tiwiri. Ife tili ndi liwu limodzi lonenera kuti chinthu chinayamba liti komanso kuti chatenga nthawi yaitali bwanji. Angerezi ali ndi awiri, ndipo ukasinthanitsa, aphunzitsi amagwedeza mutu. A Priebe ankasinthanitsa nthawi zonse. Pobwerera kunyumba ankandiimitsa pamlatho kuti ndiwafunse, ine amene ndinkalakwitsanso chimodzimodzi.

Ntchito yokachitira kunyumba inali yoti tibweretse zithunzi za wachibale mmodzi, tifotokoze moyo wake zaka khumi khumi. Ine ndinabweretsa za mchemwali wanga. A Wunderlich anabweretsa za galu wawo. A Priebe anayala zithunzi za Torsten patebulo mwandondomeko. Anayamba bwino. Apa anali khanda, m'beseni. Apa anali mwana woyamba kuyenda, atagwira mwendo wa mpando. Apa tsiku loyamba kusukulu, atakumbatira chithumba chapepala chodzadza maswiti, chachikulu kumuposa. Apa wachinyamata, tsitsi lalitali lomwe bambo ake ankadana nalo. Apa wavala za usilikali. Apa ali pambali pa mayi ake, chaka chomwe anachoka. Ziganizo zonse zinali zolondola, ndipo Mayi Dombrowski anasangalala. Iwo nkhani yonse sankaidziwa. Anafunsa m'Chingerezi, momwetulira, kuti nanga zaka khumi zotsatirazo?

A Priebe anayang'ana patebulo pomwe zithunzi zinathera. Anayankha m'Chijeremani.

"Zimenezo ndilibe, aphunzitsi. Ndi zimene ndikufuna kukafunsa."

A Wunderlich anadzuka kukatseka windo lomwe linali lotseka kale.

Colleen anabwera masamba a mitengo atayamba kuyoyoka. Mayi Dombrowski anadzipereka kudzamasulira, koma a Priebe anakana mwaulemu. Anati za mwana wawo afunsa okha. Ine anandilola kukhalapo chifukwa sankadziwa kuphika khofi wabwino ndipo panafunika keke. Ndinaphika ya zipatso za mapulamu. Iwo anavala jekete la maliro a akazi awo, lomwe tsopano linkawakulira m'mapewa.

Colleen anali mkazi wamfupi, wa nkhope yotopa, wovala nsapato zoyendera m'mapiri. Atalowa anafuna kuwakumbatira, iwo anatambasula dzanja, ndiye anagundana mochititsa manyazi. Anakhala pasofa. A Priebe anamulandira ndi ziganizo zomwe anakonzekera, anamufunsa za ulendo, ndipo mayankho ake anawamva. Ndinaona akuwongola msana.

Kenako anayamba mafunso awo, limodzi limodzi, pang'onopang'ono. Kodi Torsten anachita imvi? Colleen anaseka pang'ono, nati analibe tsitsi loti n'kuchita imvi, linatha asanakwane zaka makumi anayi. Anatulutsa foni yake, nayamba kuwaonetsa zithunzi. Munali bambo wonenepa, wadazi, wa ndevu, atanyamula nsomba yaikulu m'mbali mwa nyanja. Pena ali padenga la nyumba ndi hamala. Pena wavala magalasi, akuwerenga nyuzi. A Priebe anaigwira foniyo ndi manja awiri. Anandiuza chapansipansi kuti munthuyu akanakumana naye pamsika sakanamupatsa moni, koma ndi nkhope ya bambo awo omwalira, yeniyeni. Pa chithunzi chilichonse ankafunsa kuti anali ndi zaka zingati pamenepo, ndipo Colleen ankayankha, iwo n'kubwereza nambalayo, kuitembenuza m'mutu kuti ikhale yathu.

Zithunzi zakumapeto zinali za munthu woonda, atakhala pakhonde atafunda bulangete. A Priebe anaika foni patebulo. Anakonza kukhosi, nafunsa funso lomwe tinkayeserera pamlatho lija, loti anadwala nthawi yaitali bwanji. Analinena molondola. Colleen anati pafupifupi zaka zitatu.

A Priebe anabwereza kuti miyezi itatu. Mawu a mwezi ndi a chaka m'Chingerezi safanana ngakhale pang'ono, ndipo iwo ankawadziwa bwino onse awiri. Colleen anapukusa mutu, nanenanso, momveka, kuti zaka.

Anatembenukira kwa ine.

"Aneba, ndinkalankhula naye. Khirisimasi iliyonse ndinkalankhula naye. Ankandiuza za chipale."

Ndinawathirira khofi yemwe sanamwe.

Apa Colleen anayamba kulankhula yekha, mofulumira, misozi ikutsika, ndipo Chingerezi chathu cha Lachinayi chinatsala m'mbuyo. A Priebe ankangogwedeza mutu. Ine ndinatola mawu apa ndi apo, masabata omaliza, chipatala, Chijeremani. Ndinamupempha kuti abwereze pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi ana. Anabwereza, ndipo tinamva. M'masabata awiri omaliza matenda anafika kumutu, ndipo Torsten anasiya Chingerezi. Ankangolankhula Chijeremani, chinenero chomwe mkazi wake sanachiphunzirepo chifukwa mwamunayo sankachilankhula pakhomo. Colleen anakhala pambali pa bedi masiku onsewo osamva kanthu. Panali liwu limodzi lomwe ankalibwerezabwereza, nthawi zina ngati akufunsa, nthawi zina ngati akuitana. Analisunga m'mutu zaka ziwiri zonsezi. Ndi limene linamubweretsa.

Analitchula. A Priebe anayandikitsa khutu, namupempha kuti atchulenso. Anatchulanso. Linali lalifupi, loyamba ngati ukutontholetsa mwana, lothera m'mphuno. Silinafanane ndi liwu lililonse lomwe ndimalidziwa. Tinayesa dzina la mayi ake, ayi. Tinayesa mayina a anzake akusukulu, dzina la mphaka amene anali naye ali mwana, mudzi wa agogo ake, msewu wathu, mawu oti ululu, oti tulo, oti chipale, oti pepani. Pa lililonse Colleen ankamvetsera ndi chiyembekezo, kenako n'kupukusa mutu. Pamapeto iye mwini anayamba kukayika, anati mwina walisintha polibwereza yekha nthawi yonseyi.

Ndinaganiza kuti a Priebe amuuza kanthu kalikonse kuti mkaziyo apite ndi mtendere. Munthu wina akanatero. Iwo ananena m'Chingerezi chawo cholemera chija kuti pepani mwana wanga, sindikulidziwa. Colleen anawagwira dzanja, nati palibe kanthu, bambo. Mawu amenewo tonse tinawamva.

Colleen anakhala masiku angapo m'tauni. A Priebe anamuonetsa sukulu ya Torsten, yomwe tsopano ndi mosungiramo matayala, anamuonetsa kanyumba kanjanji kaja ndi manda a a Gudrun. Ankayenda awiriwo osalankhula zambiri. Tsiku lonyamuka anamupatsa chithunzi cha chithumba cha maswiti chija, ndipo iye anawasindikizira zithunzi za m'foni kusitolo. Anamuperekeza kusiteshoni, nabwerera wapansi mvula ikuwaza.

Kusukulu anapitabe mpaka Khirisimasi, koma sankafunsanso mafunso. Ntchito ya kunyumba ankabwera nayo yosachita. Mayi Dombrowski atawafunsa padera, anati mutu watopa. Chaka chatsopano chitayamba sanalembetse. A Wunderlich anabwera kudzawanyengerera ndi soseji m'manja, kuwauza kuti kalasi yopanda mnyamata wa zaka 47 yazizira, atsikana akudandaula. A Priebe anamwetulira, analandira soseji, koma sanabwerere.

Liwu lija silinawachoke. Nyengo yonse yozizira ankatsika kwa ine ndi malingaliro atsopano. Mwina linali dzina la dziwe lomwe ankapita naye kosambira. Mwina linali mmene Torsten ankatchulira njinga ali wamng'ono. Mwina mtundu wa masikono omwe ankagulitsa pasiteshoni kale. Ankandifunsa ngati ndikukumbukira, popeza ndinkamva zonse kudenga. Kamodzi anaimbira Colleen kuti amuyese liwu lina, foni yoyamba yomwe anaimbapo ku Kanada, koma pafoni sanamvane bwino, ndipo anaidula atatuluka thukuta. Pambuyo pake anasiya kunditchulira nkhaniyo. Sindikudziwa ngati anasiya kuiganiza.

Chaka chotsatira miyendo inayamba kutupa, masitepe anawakanika. Anakhala milungu osatsika, ine ndikuwatengera buledi ndi msuzi wa mbatatesi. Atagwa kubafa, adokotala anati sangakhalenso okha, ndipo anawapezera malo kunyumba yosamalira okalamba m'tauni ya boma, ulendo wa basi. Chipinda anagawana ndi bambo wina wosamva, amene ankatsegula wailesi yakanema tsiku lonse. Zithunzi za Torsten wadazi anaziika pakabati. Wosamalira wina, mtsikana wa ku Philippines, atamva kuti anaphunzirapo Chingerezi, ankawalankhula m'Chingerezi powasambitsa kuti awasangalatse. Iwo ankamuyankha m'Chijeremani.

Ulendo womaliza umene ndinawapeza ali bwinobwino, anandipempha maapozi. Anali ndi kadimba kunja kwa tauni komwe anakasiya miyendo itayamba kuvuta, ndipo munali mtengo womwe anabzala a Gudrun. Anati nyengo yake ndi ino, ndikapemphe kwa eni atsopano, sangakane awiri kapena atatu. Ndinapita. Eni atsopanowo anali ataudula, pamalopo ataika kadziwe kapulasitiki kosambiramo ana. Ndinagula maapozi pamsika, ndinasankha ang'onoang'ono okhala ndi mawanga. A Priebe anasenda limodzi ndi kampeni kawo, anadya theka, nati chaka chino sakutsekemera, mvula inachuluka. Theka linalo anapatsa bambo wosamva uja. Kenako anandiuza kuti ndinyamuke, basi ya madzulo imadzaza ndi ana asukulu, ndingaime njira yonse.

Anamwalira chisanu chisanathe. Kumanda tinalipo ine, Mayi Dombrowski, a Wunderlich ndi akuluakulu awiri a kunjanji omwe sindinkawadziwa. Colleen anatumiza maluwa. Mphepo inali yoopsa, wolankhula pamaliro anafupikitsa mawu ake, ndipo a Wunderlich analira kuposa tonse, mpaka tinachita kuwagwira mkono potuluka pachipata. Titamwa khofi aliyense anapita kwawo. Nyumba ya pamwamba pa ine sinapeze munthu wina wolowamo, ndipo akuti nsanjika yathuyo ili m'gulu la zomwe adzagwetse.